Nambala Imene Koleji Inafufuta

Chipinda chimene ndimagwiramo ntchito chilibe zenera. Chili pansi pa laibulale, ukatsika masitepe khumi ndi anayi, ndipo muli makina awiri osindikizira, tebulo lodulirapo mapepala, ndi ine. Ophunzira amabwera ndi mabuku awo a kafukufuku, ine n'kuwasindikiza, kumata chikuto cholimba, n'kudinda mayina awo ndi zilembo zagolide. Ndadinda kale mayina a anthu amene ndinayamba nawo chaka choyamba pa koleji yomweyi. Ena amandipatsa moni. Ena amangoyang'ana makina.

Ine ndinalekezera m'chaka chachiwiri, bambo akudwala. Ndinakhala nawo m'chipatala miyezi isanu, ndipo pobwerera, titaika maliro, ndinapeza atandichotsa m'kaundula. Ntchito ya pansi panoyi anandipezera ndi achemwali anga, amene ankachita digiri yachiwiri ya sayansi ya deta, yosanthula ziwerengero ndi kompyuta. Anakandipemphera kwa Dokotala, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wawo.

"Ukhale pafupi ndi mabuku, Kamutu," anatero. "Fungo lake lokha lidzakubweza m'kalasi."

Kafukufuku wawo anali wophunzitsa kompyuta kuzindikira msanga wophunzira amene ali pafupi kusiya sukulu, kuti wina amugwire dzanja asanagwe. Sanandiuzepo chifukwa chimene anasankhira mutu umenewo. Inenso sindinafunse.

Anamwalira Lolemba lina, masabata asanu ndi awiri apitawo. Mphumu. Unangotsala mwezi umodzi kuti amalize.

Amayi ndiwo anamva kuti koleji imatha kupereka digiri kwa munthu amene wamwalira atatsala pang'ono kumaliza. Anandiuza kuti ndilembe kalata yopempha, ndipo ndisanaipereke n'komwe, iwo anali atakhoma kale msomali wodzapachikapo digiriyo pakhoma la pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha bambo.

Yankho linabwera Lolemba la sabata ino. Linati mitu itatu imene malemu anapereka ku ofesi ya kaundula ikufanana mawu ndi mawu ndi ya wophunzira wina, ndipo wophunzirayo akuti malemu ndiwo anamukopera. Komiti ikumana Lachisanu, teni koloko m'mawa. Ikapeza kuti n'zoona, dzina la achemwali lilembedwa m'buku la obera.

Foni inalira ndisanapinde kalatayo.

"Ayankha, mwanangu?"

"Sanayankhe, amayi."

Kalata yodzutsa mlanduwo ndinali nditailemba ndine, ndi dzanja langa.

* * *

Mtsikana amene amamutchula Magalasi ndinamupeza mu labu ya makompyuta, pansanjika yachitatu. Ankagona chipinda chimodzi ndi achemwali, ndipo amalankhula ngati basi ikumusiya.

"Iwe, tseka chitsekocho kaye. Eya. Wophunzira winayo ndi Tayi. Ukumudziwa, uja amavala tayi ngakhale Loweruka. Zaka ziwiri alibe chimene walemba, lero akuti ntchito yonse ndi yake. Tayi! Sangalembe khodi ngakhale yowerenga zala zake zomwe."

"Ndiye komiti imukhulupirira bwanji?"

"Chifukwa ali ndi khodi. Tamvera. Mitu itatu ija ndi mawu chabe, aliyense akhoza kukopera. Ntchito yeniyeni ndi malangizo amene umalembera kompyuta, mzere ndi mzere, kuti itafune deta n'kutulutsa zotsatira. Ndiyo khodiyo. Amene ali nayo ndiye mwini munda. Ya achemwali ako inali mu laputopu mwawo, ndipo laputopuyo kulibe."

Anandilozera makabati achitsulo amene ali m'mbali mwa khoma. Kabati lachisanu ndi chinayi linali la achemwali.

"Tsiku limene anadwala anaisiya patebulo apa. Ine ndi amene ndinaiika m'chikwama chawo chabuluu n'kukhoma m'kabatimo. Lachitatu masana ndinatsegula kufuna tchaja, inalimo. Lachisanu m'mawa, mbee! Loko wosathyoka, wosakandika."

"Ndiye inachoka Lachinayi."

"Lachinayi."

"Tayi anali kuti Lachinayi?"

Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Anawapukuta nthawi yaitali.

"Kamutu," anatero motsitsa mawu, ndipo dzinalo linandilasa chifukwa ndinali ndisanalimve chimwalirire achemwali. "Lachinayi tonse tinali kwanu ku maliro. Tinanyamuka sikisi koloko, tinabwerera dzuwa likulowa. Tayi ananyamula nawo bokosi. Anali kumbuyo kwako."

Ndinakumbukira mpweya wake pakhosi panga, ndi mmene anandisisitira phewa pamanda. Mboni yake yoyamba ndinali ine.

* * *

Makiyi apadera a makabati amasunga ndi a Tekinisheni, bambo wachikulire amene amakonza makompyuta a mu labu. Ali ndi kachipinda kodzaza nthambo, ndipo amalankhula ngati mawu akuwagula.

"Ndikufuna ndione buku la makiyi, bambo."

Anandikankhira bukulo osadzutsa mutu. Tsamba la Lachinayi lija linali loyera.

"Palibe anatenga kiyi?"

"Palibe anasaina."

"Sizofanana zimenezo."

"Waphunzira ndithu iwe, ngakhale unalekeza." Anapukusa sikuludiraiva m'manja. "Buku silinama, mwana wanga. Limangolemba zimene lauzidwa. Amasaina ndi ophunzira."

"Nanga amene si ophunzira?"

"Ine tsiku limenelo ndinapita kukamwa tiyi."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma leveni."

"Munakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka anandiuza kuti tiyi watha."

"Ndani anakuuzani?"

Apa anandiyang'ana koyamba. Maso awo anali ofiira ndi fumbi la m'makompyuta.

"Yanditsalira miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume pa ntchito. Isanu ndi itatu. Achemwali ako ankandibweretsera mabisiketi, ankandiuza kuti ndichepetse shuga, anali mwana wabwino. Koma ine ndinali ku tiyi." Anatseka bukulo. "Kafunse amene amakolopa. Iwowo anthu sawaona, n'chifukwa chake amaona zonse."

* * *

Mayi wokolopa ndinawapeza pa masitepe akumbuyo, akufinya mopu ngati yawalakwira.

"Ponda apo uone! Ndangokolopa kumene! Aa, ndiwe? Pepa mwanawe, pepa. Bwera, ima pouma apa."

Ndinawafunsa za Lachinayi.

"Tsiku la maliro? Nyumba yonse inali zii ngati tchalitchi Lolemba. Ine n'kumakolopa bwinobwino, popanda wondipondera. Kenako ndikumva phazi, kwa kwa kwa. Nsapato zija zimalira ngati zikudandaula. Ndikuti ndicheuke, ndi bwana Dokotala, akutuluka mu labu. Ndinati, kodi bwana simunapite kukaperekeza mwana wanu? Akuti, msonkhano mayi, msonkhano. Msonkhano wanji wa munthu mmodzi?"

"Ananyamula chiyani?"

"Chikwama. Chabuluu. Anachipanira m'khwapa ngati nkhuku yakuba."

"Lamba wake anali bwanji?"

"Womanga ndi chingwe cha nsapato. Ndinadabwa kuti bwana wamkulu ngati ameneyu, chikwama chomanga ndi chingwe?"

Chingwecho chinali cha nsapato yanga. Ndinamangira ndine, lamba atadukira pa siteji ya basi.

"Koma Dokotala angaberenji Tayi ntchito?" ndinafunsa, mwina ndikudzifunsa ndekha.

Mayiwo anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Inu ophunzira mumawerenga mabuku, ife timapukuta zithunzi. Patebulo la bwanayo pali chithunzi cha ukwati wawo. Amene waima pambali pa mkwatibwi, tayi ili pakhosi, ndi ndani? Mlamu wawo ameneyo. Mlongo wake wa madamu." Anaviika mopu m'ndowa. "Koma tamvera. Ukakanena kuti wamva kwa ine, ndikakukana pamaso pako, diso lili gwa. Ndili ndi ana anayi, ndipo mopu uyu ndiye bambo wawo."

Ndinatsika masitepe ndikudziwa wakuba, tsiku lake ndi ola lake. Mboni ndinali nazo zitatu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatsegula pakamwa.

* * *

Lachitatu masana ndinamva nsapato zija zikutsika masitepe anga. Kwa, kwa, kwa, kakhumi ndi kanayi. Dokotala anali asanatsikepo kuno chiyambire.

"Mnyamata wanga," anatero, akuyang'ana denga. "Muno mumatentha chonchi? Tiyenera kukupezera fani."

Anakhala pa mpando wokhawo umene ulimo. Ine ndinaima, msana utatsamira makina.

"Ndamva kuti ukuyendayenda. Ndikumvetsa. Chisoni chimayendetsa munthu. Inenso mlongo wako ndinkamuona ngati mwana wanga, ndipo sindikufuna dzina lake lidetsedwe. Ana awiriwa ankagwirira ntchito limodzi, mwina anabwerekana mawu, ndani angadziwe? Mmodzi sangathenso kudziyankhira."

"Laputopu yawo ili kuti, bwana?"

"Ndi zimene tonse tikufunsa." Sanaphethire n'komwe. Anatulutsa pepala m'thumba la jekete n'kuliyala patebulo lodulira. "Njira ilipo. Banja likabweza pempho lija, komiti ilibe chokambirana. Digiri palibe, koma manyazinso palibe. Mayi ako sadzamva kanthu. Wangotsala ndi kusaina apa."

Ndinayang'ana pepalalo.

"Ndipo ndakhala ndikuganiza za iwe. Mutu uli nawo. Chaka chamawa pali malo a ophunzira amene anasiyira panjira. Ine ndikalankhula mawu amodzi, nambala yako ibwerera m'kaundula. Si zimene mlongo wako ankafuna?"

Zinali zimenezo ndithu. Ndicho chinandipweteka. Anadziwa pogwira.

"Ukakana," anapitiriza akuimirira, "komiti igamula ndi umboni umene ulipo, ndipo umboni uli ndi mnzakeyo. Komanso ntchito za pansi pano amaziunika chaka ndi chaka. Ndingamve chisoni. Uganize mpaka Lachisanu m'mawa."

Atapita ndinakhala pa mpando uja, udakali wofunda. Ndikasaina, ndawagulitsa achemwali. Ndikapanda kusaina, alembedwa kuti anali wakuba, ndipo amayi amva. Ndinayang'ana makoma anayi aja. Sindinadziwe kuti chipinda chimatha kuchepa munthu uli momwemo.

* * *

Lachinayi, itangokwana thuu koloko, kunatsika Tayi mwiniwake.

"Achimwene! Muli bwanji? Amayi akupeza bwanji?" Anaika fulashi patebulo. "Mabuku asanu, chikuto chakuda, a komiti mawa. Kumapeto kuli khodi yonse, masamba makumi asanu ndi limodzi. Musadumphe tsamba, ndiwo umboni wanga umenewo. Zinthu zake n'zomvetsa chisoni, koma mudziwa, choonadi ndi choonadi."

Pa koleji yonse makina omata mabuku ndi anga okha. Sakanapita kwina, inenso sindikanakana. Ndinalowetsa fulashi, n'kuyamba kusindikiza ntchito ya achemwali anga, dzina la munthu wina lili pamwamba.

Makina aakulu aja ali ndi khalidwe lake: akatentha amatafuna pepala. Anatafuna tsamba 141 la buku lachitatu. Ndinatsegula chitseko cham'mbali, n'kulikoka pang'onopang'ono kuti lisang'ambike, ndipo ndikuliwongola ndi chikhatho maso anga anagwera pa mzere wina pamwamba. Khodi sindiitha, kwa ine ndi nyerere zoyenda papepala. Koma pakati pa nyererezo panali nambala, ili m'mabulaketi.

170463.

Ndinakhala pansi, pasimenti.

Nambala imeneyo ndinailemba pamwamba pa mayeso aliwonse kwa zaka ziwiri. Ili pa chiphaso changa chakale cha koleji, chimene chimakhalabe m'chikwama changa cha m'thumba, kuseri kwa chithunzi cha bambo, ngakhale sichitsegulanso geti lililonse.

Ndinamuimbira Magalasi. Anatsika akuthamanga.

"Iyi? Iyi ndi sidi," anatero, chala chili pamzerewo. "Ukafuna kuti kompyuta isankhe zinthu mwachisawawa, ngati maere, umaipatsa nambala yoyambira. Ukatero, mawa ukabwereza, maerewo agwa chimodzimodzi, ndipo wina akhoza kutsimikiza zotsatira zako. Nambala iliyonse imagwira. Ambiri timangoika 1, kapena 123, ulesi. Achemwali ako okha ndi amene anali ndi yawoyawo yaitali, yomweyomweyo nthawi zonse. Tinkawaseka kuti ndi nambala ya chibwenzi."

"Ankati chiyani?"

"Ankati, koleji inaifufuta nambala imeneyi, ndiye ine ndiziithamangitsa tsiku ndi tsiku mpaka mwini wake adzaitenge." Anandiyang'ana. "Bwanji? Ukuidziwa?"

Ndinatulutsa chiphaso chija. Magalasi anagwira pakamwa.

Tinawerenga limodzi masamba onse makumi asanu ndi limodzi. Tayi anali atachotsa dzina la achemwali paliponse, ngakhale timawu tonse timene ankadzilembera m'mbali. Koma nambalayo inalipo kakhumi ndi kamodzi.

"Bwanji sanaisinthe?"

"Sakanatha! Ukasintha sidi, maere agwa mwina, manambala onse m'matebulo asuntha pang'ono, ndipo sagwirizananso ndi zimene zalembedwa m'mitu. Uyenera kuthamangitsanso zonse n'kulembanso. Tayi angayambire pati?" Kenako nkhope yake inagwa. "Koma ine sindingakalankhule mawa, Kamutu. Dokotala ndi amene asaine buku langa mwezi wamawa. Undikhululukire."

"Simukalankhula inu," ndinatero. "Akalankhula yekha."

* * *

Wosaitanidwa salowa m'chipinda cha komiti. Koma mabuku sayenda okha. Teni koloko itatsala pang'ono ndinagogoda, mabuku asanu ali pachifuwa.

Pakati pa tebulo panakhala Mayi wa Kaundula, amene amasunga mayina a ophunzira onse, munthu wa imvi amene sindinamuonepo akuseka. Kumanja kwawo kunali aphunzitsi awiri, kumanzere Dokotala. Tayi anakhala yekha kumapeto, tayi yofiira.

Ndinagawa mabukuwo mmodzimmodzi. Dokotala anatambasula dzanja, kuyembekezera pepala lawo lija. Ndinawapatsa buku.

"Zikomo, ukhoza kupita," anatero Mayi wa Kaundula.

"Mayi, ine ndine mlongo wake wa malemu. Ndine ndinalemba pempho. Ndili ndi funso limodzi lokha."

"Izi si zololedwa," anatero Dokotala. "Mnyamatayu ali ndi chisoni, ndipo..."

"Limodzi," anatero mayiwo.

Ndinatsegula buku limene linali pafupi nane.

"Tsamba 141, mzere wachitatu. Ndimafuna achimwenewa atiuze kuti nambala imeneyo anaitenga kuti."

Mapepala anapakasa. Tayi anayang'ana tsambalo, kenako anamwetulira.

"Aa, imeneyo ndi sidi chabe. Sitanthauza kanthu. Munthu umangoika iliyonse."

"Munaisankha nokha?" anafunsa mmodzi wa aphunzitsi aja.

"Ndekha. Inangondibwerera m'mutu."

"Liti?"

"Chaka chatha, poyamba penipeni. Malemu asanaone n'komwe ntchito yanga."

"Simunaitenge kwa munthu?"

"Ayi ndithu, bwana. Ndi yanga."

Ndinatulutsa chiphaso changa n'kuchiika patsogolo pa Mayi wa Kaundula, pambali pa tsambalo. Pachithunzipo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndikumwetulira ngati munthu amene sakudziwa kanthu.

Mayiwo anayang'ana chiphaso, anayang'ana tsamba, anayang'ananso chiphaso. Anachipereka kwa aphunzitsi aja.

"Ilimo kakhumi ndi kamodzi," ndinatero. "Masamba ake ndawalemba apa."

"N'zosavuta kufotokoza," anatero Dokotala, mawu ali salalala. "Kafukufukuyu ndi wa ophunzira osiya sukulu. Mnyamatayu ndi mmodzi wa iwo. Nambala yake inali mu deta, ndipo wophunzira wangayu anaiona m'menemo n'kuisunga m'mutu mosadziwa."

Tayi anagwedeza mutu mwamphamvu. "Eya, eya, ndi momwemo. Ndakumbuka tsopano."

Mayi wa Kaundula anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo.

"Deta imeneyo inachokera mu ofesi yanga," anatero pang'onopang'ono. "Ndisanaipereke ndinachotsamo mayina ndi manambala onse, ndi dzanja langa, monga lamulo linenera. Munalibe nambala ya munthu ndi mmodzi yemwe. Dokotala, inu munasainira kuti mwailandira ili choncho." Anatembenukira kwa Tayi. "Ndiye mwakumbuka chiyani, bambo?"

Tayi anatsegula pakamwa. Anamasula tayi pang'ono. Kenako, m'malo moyang'ana buku, anayang'ana mlamu wake, ndipo aliyense m'chipindamo anaona kumene wayang'ana.

"Alamu," anatero ndi mawu aang'ono, "munati mwaona zonse, palibe chotsala."

 

"Palibe atuluke," anatero Mayi wa Kaundula. Anauza mlembi wawo kuti akaitane a Tekinisheni, abwere ndi buku la makiyi. Kenako anandiyang'ana ine. "Iwe dikira panja. Chiphasochi ndisunga kaye."

Podutsa, Dokotala anandiyang'ana. M'maso mwawo ndinaona kuti fani ija sibwera, ndi kuti mawu amodzi aja sadzalankhulidwa. Mwina ntchito yanganso ndinali nditaisiya patebulo limenelo.

Ndinakhala pa benchi ya m'khonde. Khondelo lili ndi zenera lalikulu, ndipo kuwala kunandipweteka m'maso. Patapita kanthawi a Tekinisheni anadutsa, buku lili m'khwapa. Anaima pang'ono patsogolo panga osandiyang'ana.

"Tiyi uja," anatero, "ndakumbuka amene anandituma."

Analowa, chitseko n'kutsekeka.

Pepala la Dokotala linali lidakali m'thumba mwanga, losasaina. Ndinalipinda kanayi. Ndinaganiza za achemwali ali pansanjika yachitatu, zaka ziwiri zathunthu, akulemba nambala yanga m'mawa uliwonse, ine ndili pansi pa laibulale ndikuganiza kuti dziko lonse linaiiwala.

Foni inalira.

"Mwanangu, ayankha?"

Ndinayang'ana chitseko chotseka chija.

"Amayi," ndinatero, "msomali uja musauzule."